Ku Arctic kwatentha madigiri 38, ku Antarctica kwazizira -89: manambala amenewa tiwamve bwanji?

Pa 20 Juni 2020, m'tauni ya Verkhoyansk ku Siberia, m'dziko la Russia, kunatentha madigiri 38. Kumeneku ndi kutentha kwa ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, chonsecho tauniyi ili m'dera la Arctic, ndipo ndi yomweyo imene mu 1892 inazizira mpaka -67.8°C. Zaka ziwiri zisanathe, mu Malichi 2022, inamvekanso nkhani yoti m'katikati mwa Antarctica mwatentha ndi madigiri pafupifupi 40 kuposa mmene mumakhalira. Womva mothamanga akanaganiza kuti ayezi wasungunuka. Sanasungunuke n'komwe. Malo amene mwezi umenewo amakhala cha m'ma -50°C anangokwera kufika cha m'ma -10°C.

Nkhani zoterezi zimasokoneza chifukwa malo awiriwa timawaika m'thumba limodzi, ngati kuti kozizira n'kumodzi. Kumpoto, ku Arctic, kuli nyanja yozunguliridwa ndi mtunda, pamene kummwera, ku Antarctica, kuli mtunda wokwera kwambiri wozunguliridwa ndi nyanja. Kuzizira kwake, mphepo yake, ngakhalenso mmene malowa akusinthira masiku ano, zonse gwero lake ndi kusiyana kumeneku.

Tigwirizane kaye za manambala. Nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo ili kunsi kwa ziro, ndipo ziro ndi pamene madzi akumwa amaundana. Firiji yosungira nyama ndi nsomba imakhala pa -18°C. Chinanso, mawu oti nyengo m'Chichewa amasenza mitolo iwiri: mmene kunja kwachera lero, ndi mmene malo amakhalira zaka ndi zaka. Akatswiri akamafotokoza chachiwirichi amawerengera zaka 30 pamodzi. Tsiku limodzi lotentha ku Verkhoyansk lili m'mtolo woyamba.

Malo ake ndi ati?

Pamapu pali mizere iwiri yongoyerekeza, wina pa madigiri 66.5 kumpoto kwa ikweta, wina pa madigiri 66.5 kummwera. Kupyola mizere imeneyi kumakhala tsiku limodzi kapena kuposerapo pachaka limene dzuwa sililowa, ndi lina limene silituluka. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera, choncho ife zoterezi sitiziona. Odziwa zanyengo amagwiritsanso ntchito muyezo wina wothandiza kwambiri: malo amene mwezi wake wofunda kuposa yonse sufika madigiri 10 mukawerengera masiku onse pamodzi. Malire amenewa amagwera pafupifupi pamene mitengo imalekezera kumera.

Arctic ndi nyanja yamchere pamodzi ndi zigawo zakumpoto za Russia, Canada, Alaska, Norway, Sweden, Finland ndi chilumba cha Greenland. Kumakhala anthu pafupifupi 4 miliyoni, kuphatikizapo eni nthaka monga Inuit, Sámi ndi Nenets. Antarctica ndi mtunda wa masikweya kilomita 14 miliyoni, moti mungalowe maiko pafupifupi 120 akukula ngati Malawi. Kulibe mudzi kapena mfumu. Kumangokhala ochita kafukufuku ndi owathandiza, pafupifupi 5,000 m'miyezi yadzuwa ndi 1,000 m'miyezi yamdima.

Dzuwa lobwera chammbali

Ena amati kumeneko kumazizira chifukwa n'kutali ndi dzuwa. Si choncho. Dzuwa lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndiye makilomita masauzande ochepa osiyanitsa Lilongwe ndi nsonga ya dziko sangasinthe kanthu. Ndiponso dziko limayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, nthawi imene ku Arctic kuli mdima wandiweyani.

Nkhani yagona pa mmene kuwala kumagwera pansi. Walitsani tochi molunjika pakhoma: kuwala kumasonkhana pakamalo kakang'ono, kowala kwambiri. Ipendeketseni, kuwala komweko kumamwazika pamalo aakulu n'kufooka. Kuno kwathu masana dzuwa limafika paliwombo. Pansonga penipeni pa dziko, ngakhale tsiku limene lakwera kwambiri, limangofika madigiri 23.4 kuchoka m'chizimezime, ngati dzuwa lathu la cha m'ma 7 koloko m'mawa. Likakhala pamenepo, mphamvu imene ikanagwera pa ekala imodzi imamwazika pa maekala awiri ndi theka, ndipo imakhala itadutsa mumpweya wochuluka umene waidyako kale.

Nambala ya 23.4 si yongochitika. Ndi mmene dziko linapendekera pamene likuzungulira dzuwa. Theka la chaka nsonga imodzi imaweramira kudzuwa, inayo n'kufulatira, kenako zimasinthana. Kuno kupendekeraku timangokuona pang'ono: usana wa ku Lilongwe umakhala maola opitirira pang'ono 11 mu Juni ndi pafupifupi 13 mu Disembala. Ku Utqiaġvik, tauni ya kumpoto kwenikweni kwa Alaska, dzuwa likalowa cha pa 18 Novembala limadzaonekanso kumapeto kwa Januwale. Ku Longyearbyen, pazilumba za Svalbard za dziko la Norway, limasowa kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale. Ku South Pole, nsonga ya kummwera kwa dziko, limatuluka kamodzi pachaka, mu Seputembala, n'kulowa kamodzi, mu Malichi.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiyembekezera. Pakati pa chilimwe chakumeneko, chifukwa dzuwa limawala maola 24, mphamvu yonse imene imafika pamwamba pa South Pole patsiku imaposa imene imafika pa ikweta tsiku lomwelo. Komabe malowo amakhala cha m'ma -28°C. Ndiye kuti kufooka kwa dzuwa pakokha sikukufotokoza zonse.

Kuwala kobwezedwa

Pansi pakumeneko pamayala sinowo, tizidutswa ta madzi oundana tofewa ngati ufa, tosiyana ndi matalala amene amagwa ngati miyala. Sinowo watsopano amabweza kumwamba magawo 80 mpaka 90 mwa magawo 100 a kuwala kumene kwamugwera. Ayezi wopanda sinowo amabweza theka kapena kuposerapo. Madzi a m'nyanja, poti ndi akuda, amangobweza magawo 6, otsalawo n'kumeza. Gawo la kuwala limene chinthu chimabweza akatswiri amalitchula kuti albedo. Aliyense amene anapondapo phula opanda nsapato masana a Okutobala, kenako n'kuponda simenti yopakidwa laimu, akudziwa kale nkhaniyi ndi mapazi.

Usiku nawo umachita zake. Nthaka imataya kutentha kwake kumwamba nthawi zonse, ndipo chimene chimabwezako ndi mitambo ndi chinyezi cha mumpweya, monga bulangete. N'chifukwa chake usiku wa Juni wopanda mitambo umazizira kuposa wa mitambo. Mpweya wozizira sungasunge chinyezi chambiri. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungasunge magalamu 30 a madzi. Pa ziro ungasunge magalamu 5, ndipo pa -40°C sufika ngakhale theka la galamu. Choncho kumeneko bulangete ndi lopyapyala, ndipo usiku wake ndi wa miyezi. Mukawerengera chaka chonse, malowa amataya kutentha kochuluka kuposa kumene amalandira kudzuwa. Chimene chimalipira ngongoleyo ndi mphepo ndi madzi a m'nyanja ochokera kumadera ofunda. Apa m'pamene kumpoto ndi kummwera kumasiyanirana njira.

Chifukwa chimene kummwera kumazizira kuposa kumpoto

Munthu woima pa North Pole, nsonga ya kumpoto kwa dziko, amakhala ataponda ayezi wochindikala mamita awiri kapena atatu, woyandama panyanja yakuya mamita pafupifupi 4,000, kuya kwa nyanja ya Malawi kuchulukitsa pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Madzi amchere amaundana pa -1.8°C, ndiye madzi ali pansi pa ayeziyo sazizira kupyola pamenepo. Poyerekeza ndi mpweya wa pamwamba, madziwo ali ngati mbaula. Kutentha kwake kumadutsa mu ayezi pang'onopang'ono, ndipo ayeziyo akang'ambika, pamng'alupo pamafuka nthunzi ngati pamphika. Zikatero, m'miyezi yamdima pa North Pole pamakhala pakati pa -30°C ndi -40°C.

M'chilimwe pamaima pafupi ndi ziro, osakwera. Chifukwa chake n'chakuti kusungunula ayezi kumadya mphamvu yambiri. Kutentha kofunika kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi kungatenthetse lita imodzi ya madzi kuchoka pa ziro kufika madigiri 80. Bola ayezi alipo, mphamvu ya dzuwa imathera pomusungunula, osati potenthetsa mpweya.

Woima pa South Pole ali pamamita 2,835 kuchokera pomwe nyanja yalekezera, kungotsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pamamita 3,002. Kusiyana kwake n'kwakuti phiri la ku South Pole ndi la ayezi yekhayekha, ndipo si nsonga imodzi koma chigwa chapamwamba chotambalala makilomita mazanamazana mbali zonse. Ayezi wa Antarctica ndi wochindikala pafupifupi makilomita awiri mukawerengera paliponse, ndipo malo ena amapitirira makilomita anayi ndi theka. Amene anakwerapo phiri la Zomba kuchokera ku Liwonde akudziwa kuti kukwera kumabwera ndi kuzizira: mamita 1,000 alionse amachotsa madigiri 6 kapena kuposerapo. Ku South Pole kuzizira kwa chaka chonse mukakuwerengera pamodzi ndi -49°C. M'miyezi yamdima ndi cha m'ma -60°C, ndipo tsiku lofunda kuposa onse amene analembedwapo, 25 Disembala 2011, linafika -12.3°C. Pamalo ochitira kafukufuku a Vostok, amene ali pamamita pafupifupi 3,500, pa 21 Julayi 1983 anayeza -89.2°C. Mpaka lero palibe mpweya wozizira kuposa pamenepa umene unayezedwapo ndi themometa padziko lapansi.

Chinanso n'chakuti Antarctica anatsekeredwa mpanda. Pomuzungulira palibe mtunda wotchinga, choncho mphepo yochokera kumadzulo imazungulira dziko lonse osapunthwa, ndipo imakoka madzi a m'nyanja n'kupanga mtsinje waukulu kuposa mitsinje yonse ya m'nyanja, wozungulira kuchoka kumadzulo kupita kummawa. Malo ake opanikizika kwambiri ndi Drake Passage, pakati pa South America ndi Antarctica, ndipo ngakhale pamenepo m'lifupi mwake ndi makilomita pafupifupi 800. Mpanda umenewu umalepheretsa madzi ofunda kufika kugombe. Kumpoto chitseko chili chotsegula. Madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amayenda m'mbali mwa Norway n'kulowa mu Arctic, moti doko la Murmansk ku Russia, limene lili pa madigiri pafupifupi 69, siliundana chaka chonse. Pa madigiri 69 kummwera ndi pagombe la ayezi la Antarctica.

Zimenezi zikufotokozanso za Verkhoyansk. Kumpoto, malo ozizira koposa si pa North Pole, koma m'katikati mwa mtunda, kutali ndi mbaula ya nyanja. Oymyakon, ku Siberia komweko, inafika -67.7°C mu 1933, ndipo pamwamba pa ayezi wa Greenland makina anayeza -69.6°C pa 22 Disembala 1991. Mtunda umazizira msanga n'kutenthanso msanga. M'chilimwe sinowo akatha, nthaka n'kuuma, dzuwa n'kumawala usana ndi usiku, madigiri 30 si achilendo ku Siberia. Madigiri 38 aja anali opyola muyezo ndithu, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linawavomereza mu Disembala 2021 kuti ndi okwera kuposa onse a mu Arctic. Koma anayezedwa pamtunda wa mitengo ndi udzu, osati pamwamba pa ayezi.

Chisanu cha m'dambo, koma chachikulu

Alimi a m'madimba amadziwa kuti chisanu cha Juni chimawaula tomato wa kumunsi kudambo, wa kumtunda n'kupulumuka. Mpweya wogundana ndi nthaka yozizira umazizira, umalemera, ndipo umatsetsereka ngati madzi kukasonkhana potsika. N'chifukwa chakenso utsi wa m'mawa m'miyezi imeneyi umayala chopingasa m'malo mokwera: mpweya wozizira uli pansi, wofunda uli pamwamba ngati chivundikiro.

Ku Antarctica zimenezi zimachitika miyezi yathunthu. Mpweya wa pansi umatha kuzizira ndi madigiri 20 kapena kuposerapo poyerekeza ndi umene uli mamita mazana angapo pamwamba pake. Verkhoyansk ndi Oymyakon nazonso zili m'zigwa, momwe mpweya wozizira umadikha osayenda. Mphepo yamphamvu kapena mitambo ikabwera n'kuvundula chivundikirocho, kutentha kwa pansi kumalumpha ndi madigiri ambiri m'maola ochepa. Zimene zinachitika mu Malichi 2022 n'zotere: mkokomo wa mpweya wofunda ndi wachinyezi wochokera kunyanja ya kummwera kwa Australia unalowa mpaka m'katikati, n'kuyala mitambo pamalo amene nthawi zambiri kumwamba kumakhala mbee.

Mpweya wolemerawo suthera pamwamba pa chigwacho. Umatsetsereka kulowera kugombe, ukuthamangirathamangira, ndipo ukapanikizika m'makwawa a ayezi umatuluka ndi ukali. Mphepo yotsetsereka chonchi dzina lake ndi katabatic. Ku Cape Denison, pagombe la Antarctica, kumene gulu la Douglas Mawson wa ku Australia linakhala kuyambira 1912, liwiro la mphepo la chaka chonse linali pakati pa makilomita 70 ndi 80 pa ola. Si namondwe wa tsiku limodzi ameneyo, koma mphepo ya tsiku ndi tsiku. Mphepo yomweyi imakankha ayezi wa panyanja kumuchotsa kugombe, madzi n'kukhala poyera, n'kuundananso. Madzi akamaundana amasiya mchere wawo m'madzi otsala, amene amalemera n'kumira pansi penipeni. Madzi omira pamenepa amayenda pansi pa nyanja zazikulu mpaka kudutsa ikweta.

Chipululu choyera

Ngakhale kuli ayezi wochuluka chonchi, m'katikati mwa Antarctica ndi chipululu. Sinowo amene amagwa pachaka, mutamusungunula, malo ambiri sangapitirire mamilimita 50 a madzi, pamene Lilongwe amalandira mvula yoposa mamilimita 800. Chinsinsi chake n'chakuti kochepako sikasungunuka. Chaka chino kamagwera pa ka chaka chatha, n'kumapsinjana mpaka kusanduka ayezi wolimba, ndipo timpweya ta nthawi imeneyo timatsekeredwa m'kati. Ku Dome C, m'katikati mwa Antarctica, akatswiri a ku Ulaya anaboola makilomita opitirira atatu n'kutulutsa ayezi wa zaka 800,000. Timpweya ta m'menemo tinasonyeza kuti pazaka zonsezo mpweya wa carbon dioxide, umene umasunga kutentha padziko ngati bulangete, unkasinthasintha pakati pa magawo 180 ndi 300 pa miliyoni. Lero wapitirira 420.

Kuyeza kwake ndi zimene zimalakwika

Themometa ya mercury, yonga ija inkapezeka m'zipatala, kumeneko ndi yopanda ntchito, chifukwa mercury amaundana pa -38.8°C. Kale ankagwiritsa ntchito ya mowa wa spirit. Masiku ano ndi kawaya ka platinum kamene magetsi amadutsamo mosiyana malinga ndi kuzizira. Lamulo n'lakuti choyezeracho chikhale pakati pa mita 1.25 ndi mamita awiri kuchoka pansi, m'kabokosi koyera kolowa mphepo, kotchinga dzuwa.

Kutchingako n'kovuta kuposa kwina kulikonse, chifukwa kuwala kumachokera kumwamba komanso pansi, pa sinowo. Tsiku lopanda mphepo kabokosiko kamafunda, nambala n'kukwera ndi madigiri angapo abodza. Mu Febuluwale 2020 manyuzi padziko lonse analemba kuti pachilumba cha Seymour ku Antarctica patentha madigiri 20.75. Bungwe la WMO litafufuza linakana nambalayo, chifukwa chotchingira dzuwa cha pamakinawo chinali chongolumikiza, chosayenera. Limene linavomereza ndi 18.3°C ya pa 6 Febuluwale 2020 ku Esperanza, malo ochitira kafukufuku a dziko la Argentina ku Antarctica. Ndipo Esperanza ali kunsonga ya chala cha mtunda choloza ku South America, pa madigiri 63, kunja kwa mzere uja wa 66.5, kumene mphepo yotsika m'mapiri imafunda ikamatsika.

Mavuto ena ndi a tsiku ndi tsiku. Makina osiyidwa okha amakwiririka ndi sinowo chaka ndi chaka, choyezera chimene chinali pamamita awiri n'kupezeka chili pamasentimita 50, pomwe mpweya ndi wozizira kwambiri, choncho pamafunika kupita kukachikweza. Ayezi amamera pa timapiko toyezera mphepo n'kutiumitsa. Mabatire amafooka, ndipo sola ilibe ntchito m'miyezi yamdima. Chidebe choyezera sinowo sichisiyanitsa wogwa kumwamba ndi wouluzidwa ndi mphepo. Nawo masetilaiti amayeza kuzizira kwa pamwamba pa sinowo penipeni, osati kwa mpweya. N'chifukwa chake -98°C imene masetilaiti anaona m'timaenje ta kummawa kwa Antarctica sinalowe m'malo mwa -89.2°C ya ku Vostok. Ziwirizi si muyezo umodzi.

Samalaninso ndi nkhani zochokera ku America, kumene amayeza mu Fahrenheit. Madigiri 38 a ku Verkhoyansk iwo amati 100. Miyezo iwiriyi imakumana pa -40 pokha. Palinso nambala ina imene amaitchula kuti wind chill, yonena mmene khungu likumvera kuzizira mphepo ikamaomba. Imeneyi si ya themometa, koma kwa munthu ndi yofunika kuposa inayo. Ikafika pakati pa -28 ndi -39, khungu losavala limaundana pamphindi 10 mpaka 30. Ikapyola -55, mphindi ziwiri sizikwana. Makina nawo amagonja: dizilo wamba amalimba ngati phala, labala amathetheka, ndipo ndege zimaleka kupita ku South Pole kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala.

Nanga zoti kukutentha?

Dziko lonse latentha ndi digiri yoposa imodzi poyerekeza ndi zaka za m'ma 1800. Arctic akuthamanga kuposa pamenepo. Akatswiri a ku Finland anapeza mu 2022 kuti kuyambira 1979 deralo latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Kayendedwe kake n'kosavuta kukatsata. Ayezi woyera akasungunuka pamatsala madzi akuda, amene amameza dzuwa chilimwe chonse. Madziwo amachedwa kuundana, ndipo m'miyezi yoyamba yamdima amabweza kutenthako mumpweya. Ayezi watsopano amakhala wopyapyala, wosachedwa kusungunuka chaka chotsatira. Chivundikiro chija chimachititsanso kuti kutentha koonjezerako kuunjikane pansi m'malo momwazika kumwamba.

Ayezi wa panyanja ya Arctic amachuluka kwambiri mu Malichi n'kuchepa kwambiri mu Seputembala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mu Seputembala ankatsala masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni. Mu 2012 anatsala 3.4 miliyoni. Nambala ya 2012 sinapyoledwebe, ndipo zaka zambiri zotsatira zakhala pakati pa 4 ndi 5 miliyoni. Kutsika kwake si kwa mzere wowongoka, koma palibenso chaka chimene chabwerera pa 7.

Pamtunda vuto lili pansi pa nthaka. Permafrost ndi nthaka imene imakhala youndana zaka ziwiri kapena kuposerapo osasungunuka, ndipo malo ena a ku Siberia imazama mamita mazana ambiri. Mumzinda wa Yakutsk nyumba amazimanga pamizati, kusiya mpata pansi, kuti kutentha kwa m'nyumba kusasungunule nthaka imene yazinyamula. Nthakayo ikafewa, makoma amang'aluka, misewu imapindika, mapaipi amathyoka. M'nthaka yomweyo muli zomera zakale zimene sizinawole, zosunga carbon wochuluka pafupifupi kawiri kuposa amene ali mumlengalenga. Zikayamba kuwola zimatulutsa carbon dioxide ndi methane, mipweya yoonjezera kutentha kwa dziko.

Antarctica nkhani yake si yowongoka chotero. Chala chija choloza ku South America chinatentha ndi madigiri pafupifupi 3 m'zaka 50 zomaliza za m'ma 1900, pamene m'katikati mwa kummawa simunasinthe kwenikweni. Ayezi wa panyanja yozungulira ankachita kuonjezekera pang'onopang'ono mpaka 2014. Kuyambira 2016 anatsika mwadzidzidzi, ndipo mu Febuluwale 2023 anatsala masikweya kilomita 1.79 miliyoni, kuchepa kumene masetilaiti anali asanakuonepo. Akatswiri akadakambiranabe ngati uku n'kusintha kokhazikika kapena kugwedezeka kwa zaka zochepa. Akutsutsananso pankhani ya polar vortex, kamvulumvulu wamkulu wa mphepo yozizira amene amazungulira m'mwamba pamwamba pa nsonga zonse ziwiri m'miyezi yamdima. Wa kumpoto akasokonekera, kuzizira kumatayikira kummwera, monga zinachitikira ku Texas mu Febuluwale 2021. Ena amati kutentha kwa Arctic kukuchulukitsa zoterezi, ena amati umboni wake sunakwane.

Pali kusiyanitsa kumodzi kumene nkhani zambiri zimakuphonya. Ayezi woyandama akasungunuka, nyanja sikwera kwenikweni, monga mmene kapu ya madzi a ayezi sisefukira ayeziyo akasungunuka. Amene amakweza nyanja ndi ayezi wa pamtunda. Wa ku Greenland yense atasungunuka nyanja ingakwere mamita opitirira 7, ndipo wa ku Antarctica mamita pafupifupi 58. Zimenezi si za mawa kapena za zaka 100 zikubwerazi. Zimene zikuchitika panopa n'zakuti kuyambira 2002 Greenland wakhala akutaya matani pafupifupi 270 biliyoni pachaka, Antarctica pafupifupi 150 biliyoni, ndipo matani 360 biliyoni alionse amakweza nyanja zonse ndi milimita imodzi. Kumadzulo kwa Antarctica, pamtsinje wa ayezi wa Thwaites, chimene chikudya ayeziyo si mpweya koma madzi ofundirapo amene akulowa kunsi kwake.

Mwera, chiperoni ndi doko la Beira

Kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julayi kuli pachibale ndi nyanja yozungulira Antarctica. M'miyezi imeneyi mphepo ya kumadzulo ija imasendera kumpoto, ndipo mafunde a mpweya wozizira amagunda Cape Town n'kugwetsa mvula, sinowo n'kuyala m'mapiri a Lesotho, nthawi zina mpaka ku Johannesburg monga zinachitikira pa 10 Julayi 2023. Funde lotere likadutsa, mphepo imakhotera kumpoto chakumadzulo, n'kudutsa panyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kumene imatola chinyezi. Ikakwera mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Panyanja ya Malawi ndi mwera uja amene asodzi amachenjezedwa naye pawailesi. Mpweyawo sutifika uli ndi ukali wa kwawo, chifukwa wayenda makilomita masauzande pamwamba pa nyanja yofundirapo. Koma njira ya mafunde amenewa ikasuntha, zotsatira zake zimaoneka. Chilala cha ku Cape Town cha 2015 mpaka 2018 chinabwera pamene mafundewo ankadutsa chakummwera, mvula n'kumagwera m'nyanja.

Ulalo wina ndi wa nyanja yamchere. Malawi ndi Zambia alibe gombe, koma mafuta ndi feteleza wambiri amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kuyambira 1900 nyanja zakwera ndi masentimita pafupifupi 20, mbali ina chifukwa cha ayezi wa pamtunda, mbali ina chifukwa madzi akafunda amafufuma, ndipo panopa zikukwera pafupifupi mamilimita 4 pachaka. Mzinda wa Beira unamangidwa pamalo otsika kwambiri, moti mbali zake zina zimafanana ndi pomwe nyanja imafika ikadzaza. Namondwe wa Idai atafika kumeneko mu Malichi 2019, mafunde amene anakankhira kumtunda anayambira panyanja imene inali itakwera kale ndi masentimita amenewo.